Njere zathu zingaphe mphutsi za udzudzu, koma tiziyese kaye m'maenje a njerwa

Kuseri kwa nyumba imene ndimakhala ku Area 36 mu Lilongwe kuli dzenje lomwe anyamata anakumbamo dothi loumbira njerwa zaka zitatu zapitazo. Njerwazo anaotcha, anagulitsa, anapita, koma dzenje linatsala. Mvula ikangoyamba mu Disembala limadzaza, ndipo madzi ake saphwa mpaka mu Meyi. Tsiku lina mu Febuluwale ndinatunga madzi a m'mphepete mwake ndi chivundikiro choyera cha ndowa, n'kunjuta pansi kuti ndione bwino. Munali mphutsi za udzudzu zoposa 10. Zina zinalendewera chadodolido, mutu pansi, kamchira kokha katagunda pamwamba pa madzi. Zina zinagona chopingasa, zitayandama ngati tizidutswa ta udzu, ndipo ndikagwedeza chivundikirocho zinkatsetsereka chammbali mwaliwiro. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu anandiphunzitsa kale kusiyana kwake: zogona chopingasazo ndi ana a Anopheles, udzudzu wa malungo. Mwezi womwewo mwana wanga wamkazi wa zaka zinayi anagonekedwa m'chipatala masiku atatu, thupi lili juu ngati mbaula, chonsecho usiku uliwonse amagona m'neti.

N'chifukwa chake nkhani yoti asayansi akupeza mapuloteni m'njere za zomera otha kupha mphutsi za udzudzu sindiimva ngati ya kutali. Ndikuifuna ndi mtima wonse. Maganizo anga ndi akuti dziko lathu liike ndalama ndi anthu pa kafukufuku ameneyu, ndipo achitikire konkuno, pa udzudzu wathu ndi m'madzi athu. Koma zotsatira zisanatuluke, pasapezeke munthu wogulitsa ufa uliwonse m'dzina la mankhwala achilengedwe a udzudzu, kapena wouza mayi kuti apinde neti.

Neti sindiinyoza ayi. Kafukufuku amene anatuluka mu 2015 anawerengera kuti pakati pa 2000 ndi 2015 mu Africa munapewedwa matenda a malungo okwana 663 miliyoni, ndipo 68 mwa 100 alionse anapewedwa chifukwa cha maneti a mankhwala. Palibe chida china chimene chatchinjiriza ana athu ochuluka chotere. Vuto ndi lakuti kwa zaka zambiri maneti onsewo ankadalira banja limodzi lokha la mankhwala, lotchedwa pyrethroid. Banjali nalonso gwero lake n'chomera, duwa loyera la pyrethrum lomwe amalima kumapiri a ku Kenya, Tanzania ndi Rwanda, ndipo akatswiri anangotengera mphamvu yake n'kuyamba kuipanga m'mafakitale. Tinaumenya udzudzu ndi chibonga chimodzimodzicho usiku uliwonse, m'nyumba iliyonse, kwinaku alimi a thonje ndi a m'madimba akupoperanso mankhwala a banja lomwelo. Udzudzu wofooka unafa, wolimba unatsala n'kuswana. Pofika 2010 ofufuza anapeza kuti pa chilumba cha Likoma udzudzu wa Anopheles funestus sukufanso bwino ndi pyrethroid, ndipo sipanatenge nthawi zomwezo zinaoneka ku Nkhotakota ndi ku Chikwawa. Ku Nkhotakota, kumene ntchito yopopera m'makoma a nyumba inayamba mu 2007, anakakamizika kusiya pyrethroid n'kutenga mankhwala ena okwera mtengo kwambiri. Maneti atsopano amene tikulandira masiku ano, ena okhala ndi mankhwala owonjezera otchedwa PBO, ena okhala ndi otchedwa chlorfenapyr, anabwera chifukwa cha vuto lomweli.

Achikulire amakumbukira kolokwini ndi kuyabwa kwake. Malawi linali dziko loyamba mu Africa kumusiya mu 1993 n'kutenga Fansidar, ndipo Fansidar atagonja kunabwera LA mu 2007. Uko kunali kupirira kwa tizilombo ta m'magazi, uku ndi kupirira kwa udzudzu, koma njira yake ndi imodzi. Amene anaona zimenezo ndi maso ake sangakhale phee kudikira tsiku limene neti yatsopano idzatopenso.

Tsono mapuloteni a zomera akulowa pati? Njere ilibe miyendo yothawira. Ikagwa pansi kapena ikakhala m'nkhokwe, chilichonse chanjala chimaifuna, choncho chomera chimaisiyira chitetezo m'kati mwake momwe. Mayi aliyense amadziwa kuti nyemba zofiira zosapsa bwino zimasanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Chochititsa ndi puloteni ya mtundu wotchedwa lectin, imene imakakamira kukhungu la m'kati mwa matumbo n'kulisokoneza. Moto ukakwana imaphwasuka, nyemba n'kukhala ndiwo zabwino. Kachilombo kalibe mphika, kamadya njere yaiwisi, ndipo kamakumana ndi chitetezocho chili chamoyo.

Mphutsi ya udzudzu ndi yosasankha pakudya. Pakamwa pake pali tiubweya tomwe timapalasa madzi osalekeza, ndipo chilichonse chaching'ono choyandama chimalowa. M'matumbo mwake muli kansalu kopyapyala kokuta chakudya, kotchinga kuti zoopsa zisakhudze thupi. Mitundu ina ya lectin imamatirira pa kansaluko n'kukabowola. Palinso mapuloteni ena amene ntchito yawo ndi kumanga manja timadzi togaya chakudya, moti mphutsi imadya koma osakula, kenako n'kufa ndi njala mimba ili yodzaza. Khobwe wathu yemweyu ali nayo puloteni yotereyi, ndipo mu 1987 asayansi a ku England anatenga jini yake, kachidziwitso ka chibadwa kochititsa khobwe kupanga puloteniyo, n'kuiika mu fodya, masamba a fodyayo n'kuyamba kukana mbozi. Mu nsawawa muli kapuloteni kakang'ono kotchedwa PA1b, komwe ofufuza a ku Lyon ku France anaonetsa kuti kamapha anankafumbwe komanso mphutsi za mitundu ina ya udzudzu, pomwe ife timadya nsawawa tsiku ndi tsiku osadwala. Chondikopa pa zonsezi n'chakuti pyrethroid amalowera m'mitsempha, pomwe mapuloteniwa amalowera m'mimba. Luso limene udzudzu waphunzira polimbana ndi neti ndi la pa khomo lina.

Mtengo umene ukundiganizitsa kwambiri ndi chammwamba, womwe ambiri tsopano akungouti moringa. Ku yunivesite ya boma ya Pernambuco mumzinda wa Recife ku Brazil, ofufuza anatulutsa m'njere zake lectin yosungunuka m'madzi, n'kuitcha WSMoL. Mu 2009 anafalitsa zoti imapha mphutsi za Aedes aegypti, udzudzu wofalitsa matenda a dengue. Pambuyo pake anapezanso kuti imalepheretsa mazira kuswa, komanso chodabwitsa n'chakuti udzudzu waukazi umakopeka kukaikira mazira m'madzi momwe muli puloteniyo. Anaipezanso ngakhale m'zotsalira za njere akafinyamo mafuta, zomwe nthawi zambiri zimangotayidwa. Ndipo njere zimenezi si zachilendo kwa akatswiri a kuno. M'zaka za m'ma 1990 a ku yunivesite ya Leicester, mogwirizana ndi a ku Polytechnic ku Blantyre, anayesa ufa wa njere za chammwamba pamalo oyeretsera madzi a m'mipope ku Thyolo m'malo mwa mankhwala ogula kunja, ndipo madzi a matope anayeradi. Chimene chinkasonkhanitsa matopewo kuti adikhe pansi ndi mapuloteni a m'njere momwemo. Mtengo umamera bwino ku Salima, ku Mangochi ndi ku Chigwa cha Shire, sufuna feteleza, ndipo ambiri aife tili nawo pa mpanda. Kodi n'zosayenera kuti wina kuno afunse ngati njere zake zingagwire ntchito pa Anopheles?

Wina anganene kuti puloteni n'chakudya, singakhale mankhwala ophera tizilombo odalirika kunja kwa labotale. Yankho lilipo kale. Mankhwala ophera mphutsi za udzudzu amene dziko lonse limawakhulupirira, otchedwa Bti, ndi mapuloteni. Sachokera ku chomera koma ku bakiteriya wa m'nthaka amene anapezeka m'chithaphwi ku chipululu cha Negev ku Israel mu 1976. Mphutsi ikawameza amasungunuka m'matumbo mwake n'kuwabowola, koma nsomba, achule, ng'ombe ndi anthu sawavulaza. Anzathu a ku Tanzania anamanga fakitale yopanga mankhwala amenewa ku Kibaha mothandizidwa ndi dziko la Cuba, ndipo inatsegulidwa mu 2015. Choncho njira ya m'mimba ndi yodutsika. Koma Bti yemweyo ndiyenso muyeso wokhwima: puloteni ya chomera iliyonse imene tingabweretse iyenera kuima pambali pake n'kuonetsa kuti ikupha mofanana, kapena kuti ndi yotsika mtengo kwambiri moti kuchepa mphamvu kwake tingakupirire.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga okonda kuthamangira kuombera m'manja. Puloteni iyenera kumezedwa kuti igwire ntchito. Udzudzu waukulu wotera pa neti kapena pa khoma suimeza, ndiye kuti chida chimenechi ndi cha m'madzi basi, sichidzalowa m'malo mwa neti. M'madzimo dzuwa la Okutobala ndi tizilombo ta m'matope zimaiphwasula m'masiku ochepa. Kusakhalitsa kumeneku n'kwabwino ku chilengedwe, koma kukutanthauza kuti munthu azibwerera pa dzenje lomwelo sabata iliyonse, pakuti dzira la udzudzu limasanduka udzudzu wouluka m'sabata imodzi kapena ziwiri kukamatentha. Kenako pali nkhani ya mtundu wa udzudzu. Kafukufuku wambiri wa mapuloteniwa wachitikira pa Aedes, chifukwa ku Brazil chimene chimawasautsa ndi dengue. Mphutsi ya Aedes imakhala m'matayala ndi m'zitini ndipo imakonda kudyera pansi, pomwe ya Anopheles imadyera pamwamba penipeni pa madzi. Ufa umene ukumira msanga ungaphe woyambayo n'kumuphonya wachiwiriyo. Ndiponso zimene zimayesedwa m'labotale ndi puloteni yoyengedwa bwino ndi makina odula, m'kapu ya madzi oyera, pa mphutsi zoleredwa m'nyumba. Dzenje la ku Area 36 lili ndi matope, ndowe za mbuzi, sopo wa ochapa ndi mvula yosefukira. Ngakhale kupirira sikudzatha: pali mitundu ina ya anankafumbwe imene PA1b saichita kanthu mwachibadwa.

Tiyeneranso kumva zimene zinachitika ku Chikwawa, ngakhale sizokoma m'khutu. M'midzi yozungulira nkhalango ya Majete, kuyambira 2016 mpaka 2018, akatswiri a ku College of Medicine pamodzi ndi anzawo a ku Netherlands anayesa njira yoti anthu a m'mudzi okha azikwirira zithaphwi, kupopera Bti ndi kutseka mipata ya pansi pa denga. Anthu anagwira ntchito modzipereka. Zotsatira zitatuluka mu 2021 sizinaonetse kusiyana koonekeratu pakati pa midzi imene inachita zimenezi ndi midzi imene inangodalira maneti ndi chithandizo cha kuchipatala. Amenewo anali mankhwala otsimikizika kale, osati ongoyesa. Kumudzi madzi ali ponseponse, m'mapazi a ng'ombe, m'mizere ya m'munda, m'madambo odzaza udzu momwe funestus amakonda, ndipo palibe gulu lingawapeze onse. Ndiye chifukwa chake bungwe la WHO limati kupha mphutsi kumathandiza pamene malo oswanirana ali ochepa, osasunthasuntha ndiponso opezeka, komanso kuti kukhale kongowonjezera pa neti.

Malo otero ndi tauni. Mu Lilongwe maenje a njerwa ku Chinsapo, ku Kauma, ku Mtandire ndi ku Area 25 sasamuka. Zitsime za m'madimba a m'mbali mwa Lingadzi ndi mtsinje wa Lilongwe zimadziwika eni ake. Maziko a nyumba zosatha kumanga, omwe amasunga madzi miyezi, aliyense amawaona akamadutsa. Ku Dar es Salaam anayesa kuthira mankhwala a mphutsi sabata ndi sabata m'madera ena a mzindawo ndipo malungo anatsika. Ku Kasungu ofufuza ayesapo kale kugwiritsa ntchito tindege topanda woyendetsa pojambula madzi oswaniramo udzudzu. Ndiyeno pali mlendo amene akutsika kuchokera kumpoto: Anopheles stephensi, udzudzu wa malungo wa ku Asia wokonda mizinda, woswanira m'mathanki ndi m'migolo. Unaoneka ku Djibouti mu 2012, ku Ethiopia mu 2016, ndipo mu 2022 unapezeka ku Kenya. Ife a m'tauni ino, amene timasunga madzi m'madiramu chifukwa cha kudukaduka kwa m'mipope, tili ndi chifukwa chokonzekera. Mankhwala othira m'madzi a pakhomo ayenera kukhala osaopsa kwa anthu, ndipo apa njere imene inayesedwapo kale pa madzi akumwa ikuyenera kupatsidwa mpata woyesedwa.

Koma mawu akuti chachilengedwe ndimawaopa. Tsiku lina ku depoti ya mabasi ndinaima pafupi ndi bambo wina wogulitsa ufa wobiriwira m'timapepala ta pulasitiki. Ankauza mayi wobereka mwana kumbuyo kuti, “Amayi, kasupuni kamodzi m'phala la mwanayu, malungo sadzafikanso pakhomo panu.” Ndinamufunsa kuti, “Achimwene, zimenezi anayesa ndani?” Anandiyankha mosatekeseka kuti, “Akulu, izi n'zachilengedwe, sizipweteka munthu.” Mayiyo anagula timapepala tiwiri. Ndinamutsatira pang'ono n'kumupempha kuti mwana akatentha thupi asachedwe kukayezetsa. Nkhani ya mapuloteni ophera udzudzu ikafika m'makutu a ogulitsa otere isanapse, adzaisandutsa chikwangwani, ndipo amene adzalipire ndi ana.

Nsatsi ndi zachilengedwe. M'njere zake muli ricin, puloteni ya banja lomweli la chitetezo cha zomera, ndipo njere zochepa zotafunidwa zingaphe mwana. Ombwe, womwe ena amati mthuthu, alimi amaugwiritsa ntchito popha nsabwe za m'masamba ndi nkhupakupa, koma makolo ankaupondera m'madziwe kuti nsomba ziyandame. Muutsire m'dambo la Lingadzi pofuna kupha mphutsi, mupha matemba ndi tizilombo tina timene timadya mphutsizo, udzudzu n'kubwerera wochuluka kuposa kale. Ombwe yemweyo anatiphunzitsanso china. Mu 2012 kunatuluka kafukufuku wa zitsamba zotengedwa muno m'Malawi woonetsa kuti pali mitundu iwiri yofanana m'maonekedwe, koma umodzi ulibiretu mphamvu yopha tizilombo. Mlimi wobzala wolakwikawo amapopera madzi chabe. Ngakhale WSMoL ya chammwamba, a ku Brazil omwewo ataiyesa pa tiana ta nsomba anapeza kuti ikachuluka imatipha. Mlingo ndiwo nkhani yonse, ndipo mlingo supezeka pongoyerekeza ndi supuni. Tili ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000 ndi bungwe la Pesticides Control Board loliyang'anira. Chochokera m'njere chidutse pa khomo lomwelo limene chimadutsa chochokera ku fakitale.

Chimene ndikupempha si chachikulu. Ku Bunda kuli akatswiri a zomera ndi a tizilombo, ku Chitedze kuli malo osungira mbewu za mitundumitundu za dziko lino, ndipo ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndi ku Malaria Alert Centre kuli anthu odziwa kulera Anopheles ndi kumuyesa. Onsewa akumanitsidwe pa ntchito imodzi ya zaka zitatu kapena zinayi, bungwe la National Commission for Science and Technology liikepo ndalama, ndipo nthambi yolimbana ndi malungo mu Unduna wa Zaumoyo ikhalepo kuyambira tsiku loyamba. Ayambe ndi zimene tili nazo zambiri: zotsalira za chammwamba, khobwe, nyemba, nsawawa. Asathamangire kuyenga puloteni ndi makina amene sitingakwanitse, ayese kaye madzi a njere zosinja, osefedwa ndi kuyezedwa mphamvu, pa Anopheles wogwidwa kuno wa mitundu ya arabiensis, gambiae ndi funestus. Chikaoneka cholonjeza, achitengere m'maenje enieni, ena athire chimenecho, ena Bti, ena asathire kanthu, n'kumawerenga mphutsi, matemba ndi ana a tombolombo omwe. Zikalephera azilembe poyera kuti zalephera, pakuti kudziwa kuti ufa wina sugwira ntchito kungapulumutse ndalama za amayi ambiri ku depoti.

Ena ati ndalama za malungo n'zochepa kale, makamaka tsopano pamene thandizo la kunja likuphwa, ndiye tisazimwaze pa zoyesayesa. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, ndipo ndikanatsutsa ndine woyamba ngati wina akanafuna kuchotsa ndalama ya LA kapena ya neti n'kuiika pa njere. Koma kuphwa kwa thandizolo ndiko kukundichititsa kufuna chida chimodzi chomwe zipangizo zake sizidikira ndalama zakunja. Tinalolera kukhala oyamba pa dziko lonse kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana kudzera m'zipatala zathu, pa 23 Epulo 2019, ku Mitundu konkuno. Dziko limene linakwanitsa kuyesa katemera silingalephere kuyesa njere ya pa mpanda. Ndipo tisaiwale za kalata-kalata, chitsamba chimene amayi a ku Congo ankamwa pofulumizitsa kubereka. Dokotala wa ku Norway, Lorents Gran, anachiona mu 1960 n'kutulutsamo kapuloteni, patapita zaka a ku Australia anapeza kuti kamapha mbozi, ndipo lero kumeneko kuli mankhwala a m'munda ochokera ku chomera china chokhala ndi mapuloteni a banja lomwelo. Nzeru inachokera kuno ku Africa, botolo linadzazidwira kwina.

Za dzenje la kuseri kwathu, ndinakambirana ndi mwini poloti ndipo tagwirizana kuti mvula isanagwe tilikwirire ndi zidutswa za njerwa ndi dothi. Anansi atatu alonjeza mawilibala awo Loweruka. Dzenje lokwiririka silifuna mankhwala aliwonse. Koma kumunsi kwake, cha ku dambo, kuli ena anayi akuluakulu omwe eni ake sindikuwadziwa, ndipo limodzi ndi lakuya moti wilibala sangalithe. Ngati pali wophunzira wa ku Bunda amene akusowa malo oyesera njere zake, abwere mu Januwale madzi atadzaza. Ndidzamuperekeza m'mamawa dzuwa lisanatenthe, ndipo chivundikiro choyera chija ndidzamubwereka.